Musanayatse ova-ova yatsopano: mmene mungapezere frequency yosalowerana ndi anzanu

Ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza mawailesi olankhulirana, aja ambiri timangowatchula kuti ova-ova: a alonda, a m'maesiteti, a m'maambulansi, a oyang'anira nkhalango ndi nyama. Madandaulo ambiri amene ndimalandira si akuti wailesi yafa ayi. Amati "tikumva anthu ena pa tchanelo chathu," kapena "mawu akumaduka usiku," kapena "kugeti sakutimva koma masana zinali bwinobwino." Ndipo wondiitanayo amakhala atapeza kale mankhwala ake m'mutu: akufuna wailesi yamphamvu kuposa yomwe ali nayo, kapena mlongoti wautali. Ndalemba izi kuti ndikubwezeni pa maganizo amenewo. Kulowerana kwa mawailesi kumapewedwa pa mapu ndi pa pepala, wailesi ikadali m'katoni. Mukadikira kuti mudzakuthetse ndi mphamvu, mudzangosamutsira vutolo kwa mnzanu wa kuseri kwa phiri, iyenso n'kukweza yake.

Si phokoso lililonse limene lili mlandu. Malamulo a bungwe la ITU, lomwe likulu lake lili ku Geneva ndipo limagwirizanitsa maiko pa nkhani za mafunde a wailesi, amati kusokoneza kovulaza ndi kuja koika pachiswe ntchito zoteteza moyo, monga zowongolera ndege ndi sitima, kapena kodula ndi kutsekereza mobwerezabwereza wailesi imene ikugwira ntchito motsata malamulo. Mawu omalizawo ndi ofunika. Wotetezedwa ndi amene ali ndi chilolezo. Ngati munangodzisankhira nambala n'kuilowetsa m'mawailesi anu, mulibe podandaulira, ndipo mwina osokonezawo ndinu.

Yambani ndi mapu, osati ndi sitolo. Lembani malo onse amene anthu anu ayenera kumvana: ofesi, mageti, nyumba zosungira katundu, msewu umene galimoto zimadutsa, chigwa chija foni siigwira. Yezani mtunda pakati pa malo awiri otalikirana kwambiri. Werengani mawailesi a m'manja, a m'galimoto ndi a pa ofesi, ndipo dzifunseni moona mtima kuti pa ola limodzi anthuwa amalankhula mphindi zingati. Kampani ya alonda makumi awiri amene amangopereka malipoti pa ola siifunika matchanelo anayi. Chimodzi chikwanira, mwina ndi china chapadera cha mabwana. Mawailesi amenewa ali m'magulu awiri a mafunde, VHF ndi UHF. Pa malo otambalala a minda ndi tchire, VHF imayenda bwino; mawailesi ake ambiri amachokera pa 136 mpaka 174 MHz. M'kati mwa nyumba zosanja, m'mafakitale ndi m'misika ya m'tauni, UHF ya pakati pa 400 ndi 470 MHz imalowa bwino m'makoma, komanso siipita patali mwachisawawa, chomwe n'chabwino kwa oyandikana nanu.

Tsopano nkhani ya kutalika, imene ndikufuna muimvetse kuposa zina zonse. Mafunde a VHF ndi UHF amayenda pafupifupi ngati mmene maso amaonera: amafika pomwe dziko lapindira, kupitirirako pang'ono. Pali kasamu kosavuta kamene mungachite pa foni. Tengani square root ya kutalika kwa eriyo yoyamba m'mamita, muphatikize ndi square root ya kutalika kwa eriyo yachiwiri, kenako muchulukitse ndi 4.12. Yankho ndi makilomita. Alonda awiri ataimirira pabwalo, aliyense wailesi ili pakamwa, mamita 1.5 kuchokera pansi, sangapitirire makilomita 10 ngakhale malo atakhala osalala opanda mtengo, ndipo nthawi zambiri safikako n'komwe. Mukaika eriyo pa mlongoti wa mamita 30, mtunda wa pakati pa mlongotiwo ndi mlonda umafika cha m'ma makilomita 28. Koma mukakweza repeater, wailesi yolandira mawu n'kuwatumizanso kuti afike patali, paphiri lotalika mamita 900 pamwamba pa chigwa, mwafika kupitirira makilomita 120.

Taganizirani zimenezi pa dziko lathu lopapatizali. Phiri la Zomba latalika kupitirira mamita 1,000 pamwamba pa chigwa cha Chilwa. Repeater yoikidwa kumeneko kuti ithandize famu imodzi ya kumunsi imamveka ku Phalombe, ku Machinga, n'kuwoloka nyanja ya Chilwa kulowa m'Mozambique. Frequency imeneyo mwailanda m'maboma angapo chifukwa cha munda wa makilomita asanu. Choncho malo okwera kwambiri si malo abwino kwambiri. Malo abwino ndi otsikitsitsa amene akufikabe ponse pomwe mwalemba pa mapu paja. Nthawi zina ndimasankha dala mbali ya phiri osati pansonga, kuti phirilo litchinge mafunde asapite kumene sakufunika. Ngati anthu anu onse ali mbali imodzi, gulani eriyo yoloza mbali imodzi, osati yomwaza ponseponse.

Mphamvu nayo anthu amaikhulupirira mopitirira. Wailesi ya m'manja imatulutsa mawati 4 kapena 5, ya m'galimoto ndi ya pa ofesi 25 mpaka 50. Pamtunda, kuwirikiza mphamvu kawiri kumangowonjezera mtunda ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, mwinanso osafika. Komanso kulankhulana n'kwa mbali ziwiri. Ofesi ikhoza kukuwa ndi mawati 50, mlonda n'kumva, koma iye akayankha ndi mawati ake 5 ofesi osamumva. Mawati owonjezerawo sanathandize mlondayo. Angopita kukagwera pa tchanelo cha anthu ena kutali. Ndalama zimenezo mukanagula kebulo yabwino yonenepa m'malo mwa ija yopyapyala ya RG-58, imene pa mlongoti wautali imadya mphamvu yambiri potumiza ndi polandira pomwe.

Mukadziwa zimenezi, ndiye pitani ku MACRA. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2016, ndipo ndi lomwe limagawa ma frequency m'Malawi muno ndi kuvomereza mitundu ya zipangizo zololedwa kugwiritsidwa ntchito. Frequency siigulidwa ngati puloti. Mumapatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito pa malo otchulidwa, ndi mphamvu yotchulidwa, kwa nthawi yotchulidwa. Podzaza fomu, musalembe keyala ya ofesi yanu ya m'tauni pomwe eriyo ikaima kumudzi. Kaimeni pansi pa mlongoti weniweniwo, tengani manambala a GPS, lembani kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja yamchere, kutalika kwa eriyo kuchokera pansi, mtundu wa eriyo ndi kumene yaloza, mphamvu ya wailesi, kukula kwa tchanelo, ndi dera limene magalimoto anu amayendamo. Ogawa ma frequency amawerengera kuchokera pa zimene mwalemba. Mukachepetsa kutalika pa fomu poganiza kuti chilolezo chituluka msanga, adzapereka frequency yomweyo kwa munthu wina pa mtunda umene akuganiza kuti ndi wokwanira, pomwe sichoncho, ndipo ovutika mudzakhala nonse awiri.

Musagule mawailesi chilolezo chisanatuluke. Ndaonapo bungwe lina litagula makatoni a UHF, kenako n'kupatsidwa frequency ya VHF. Komanso ngati mukufuna repeater, mukupempha ma frequency awiri, ina yotumizira ina yolandirira, ndipo duplexer, chipangizo chimene chimalola eriyo imodzi kuchita zonse ziwiri nthawi imodzi, imatchunidwa molingana ndi manambala awiriwo. Siitchunidwa ndi maso. Pamafunika makina oyezera.

Pali manambala ena amene simuyenera kuwakhudza ngakhale wailesi yanu ikulola. Kuyambira 118 mpaka 137 MHz ndi kwa ndege, ndipo onani kuti mawailesi ambiri a VHF amayambira pa 136, kutanthauza kuti matchanelo awo oyambirira ali m'dera la ndege. Pa 156.8 MHz ndi tchanelo 16 cha pamadzi, choitanira thandizo sitima kapena boti likakhala pangozi. Pakati pa 406 ndi 406.1 MHz ndi pa tizipangizo totumiza uthenga wa ngozi ku masetilaiti, ndipo wailesi ya UHF yoyambira pa 400 imafikapo. Kuyambira 144 mpaka 146 MHz ndi kwa okonda mawailesi amene ali ndi ziphaso zawozawo. A kuno zizindikiro zawo zimayamba ndi 7Q. Mukamvetsera pa manambala a ngozi aja nthawi zambiri mudzapeza kuli zii, ndipo kukhala zii kumeneko ndiye ntchito yake. Tchanelo cha ngozi chimayenera kukhala chopanda munthu mpaka tsiku limene wina adzachifune.

Apa ndi pomwe mawailesi otsika mtengo ogulidwa pa intaneti kapena obwera m'zikwama kuchokera kunja amavutira. Amafika ali ndi matchanelo oikidwa kale ku fakitale, manambala oyesera chabe amene sakugwirizana ndi kagawidwe ka dziko lililonse. Ena ndi opangidwira maiko ena: ku Ulaya kuli PMR446 ya theka la wati pa 446 MHz, ku America kuli FRS cha pa 462 ndi 467 MHz. Kuloledwa kumeneko sikutanthauza kuloledwa kuno. Funsani kaye, ndipo mukapatsidwa frequency yanu, fufutani matchanelo onse a ku fakitale, mutseke mabatani kuti mlonda wotopa usiku asamayendeyende pa manambala.

Chilolezo chikatuluka, musafulumire kulankhula. Mverani kaye. Ikani wailesi pa malo enieniwo, pa eriyo yeniyeniyo, muchotse tone iliyonse (kamawu kotsegulira sipika kwa anzanu okha), squelch (chotseka sipika mafunde akakhala ofooka) ikhale yotsika, ndipo wina azilemba m'kope chilichonse chomveka kwa sabata yathunthu: tsiku, ola, chilankhulo, mphamvu ya mawu. Mverani tchanelo chanucho ndi awiri oyandikana nacho, cham'mwamba ndi cham'munsi. Usiku ndi mbandakucha ndi nthawi zofunika kwambiri, chifukwa ndi pomwe alonda a makampani ena amalankhula kwambiri, komanso ndi pomwe mpweya umasintha. Kukakhala bata, mpweya wozizira uli pansi wofunda uli pamwamba, mafunde amapindika n'kuyenda mtunda woposa wa masiku onse. Kunyanja izi zimachitika kwambiri. Munthu wa ku Nkhata Bay akhoza kudzidzimuka kumva Chiswahili cha kutsidya ku Mbamba Bay, dzuwa likakwera n'kuzimiririka. Mukapeza kuti pali ena pa frequency yanu yatsopano, bwererani ku MACRA ndi kope lija musanatchune mawailesi makumi asanu ndi duplexer. Kusintha nambala pa nthawi imeneyi n'kotsika mtengo.

Tsopano tikwere pansanja, chifukwa mavuto ovuta kuwapeza amabadwira kumeneko. Malo abwino ndi ochepa, ndiye aliyense amathamangira phiri limodzi: nyumba zoulutsa mawu, makampani a mafoni, apolisi, ife a ova-ova. Mawailesi awiri akamatumiza nthawi imodzi pafupi, mafunde awo amasakanikirana n'kubala frequency yachitatu imene palibe anaipempha. Amisiri amati intermodulation, ndipo kuwerengera kwake n'kosavuta: wirikizani frequency yoyamba kawiri, muchotsepo yachiwiri, kenako mutembenuze. Ndipereke manambala ongoyerekezera. Wina ali pa 165.100 MHz, wina pa 165.200. Kawiri 165.200 kuchotsa 165.100 ndi 165.300. Kawiri 165.100 kuchotsa 165.200 ndi 165.000. Ngati repeater yanu imalandirira pa 165.300, nthawi iliyonse imene awiriwo alankhula pamodzi mudzamva mawu awo onse osakanikirana, koma mmodzi akasiya zonse zimatha. N'chifukwa chake vutoli limasautsa: mmisiri akafika amapeza kuli bwino, akachoka layambanso.

Phunziro lake ndi lakuti ma frequency a pa nsanja imodzi asatalikirane mofanana. M'malo mwa 165.100, 165.200 ndi 165.300, wachitatuyo atakhala pa 165.450, palibe chobadwa chimene chingagwere pa aliyense wa atatuwo. Akakhala atatu kapena kuposa, werengeraninso pophatikiza awiri n'kuchotsa wachitatu. Kuti muchite samuyi muyenera kudziwa manambala a onse amene ali pansanjapo, ndipo palibe njira ina koma kufunsa. Pitani kwa mwini nsanja, pezani amisiri a makampani enawo, khalani nawo pansi, musinthane manambala a foni. Ena amabisa ma frequency awo ngati chinsinsi, koma aliyense wokhala ndi scanner, wailesi yosakira ma frequency, akhoza kuwapeza masana amodzi, ndiye kubisako kumangolepheretsa kukonza zinthu. Ine sindiika repeater pa nsanja imene mwini wake alibe mndandanda wa zomwe zilipo.

Kusakanikiranaku kumachitikira malo atatu. Kukhoza kuchitikira m'kati mwa wailesi yotumiza, mafunde a mnzake akalowa kudzera pa eriyo. Mankhwala ake ndi isolator ndi cavity filter, zipangizo zotchinga mafunde achilendo kuti asalowe m'wailesi. Kukhoza kuchitikira m'wailesi yolandira ikathodwa ndi mafunde amphamvu, monga a siteshoni ya FM ya pakati pa 87.5 ndi 108 MHz imene ikutulutsa mawati mazana kapena masauzande pafupi pomwepo. Pamenepo wailesi yanu imangogontha osamva alonda ake, ndipo filter ya polowera ndiyo imathandiza. Malo achitatu ndi amene ambiri sakhulupirira mpaka ataona: dzimbiri. Bawuti yadzimbiri, waya womangira mlongoti wokhudzana ndi chitsulo china, eriyo yakale yosiyidwa ikulendewera, ngakhale lata lomasuka pa kanyumba ka zipangizo, zonsezi zimatha kusakaniza mafunde. Tsiku lina tinasaka phokoso pa repeater ya esiteti ina, lomwe limabwera kukakhala mphepo, kukagwa mvula n'kutha. Tinalipeza pa unyolo wa loko wokulungidwa pa mwendo wa nsanja. Mnzanga ataugwedeza ndi dzanja, phokoso linamveka pa wailesi imene ndinanyamula, "tsetsetse," ndipo ataugwira n'kuukanikiza linaleka. Choncho tsitsani zonse zosagwira ntchito, mangani zomasuka, kulungani majoini kuti madzi asalowe. Ndipo poika maeriyo awiri, ikani ina pamwamba pa inzake molunjika, osati moyandikana m'mbali. Mamita ochepa otalikirana chokwera amatchinga kuposa mamita ambiri otalikirana chopingasa.

Pofika pa kompyuta yotchunira mawailesi, onetsetsani kukula kwa tchanelo. Kale ambiri anali pa 25 kHz, masiku ano ambiri amapatsidwa 12.5 kHz. Wailesi yosiyidwa pa 25 pomwe chilolezo ndi cha 12.5 imasefukira kwa oyandikana nawo mbali zonse ziwiri, ndipo mwini wake sadziwa chifukwa kwa iye zikumveka bwino. Yang'anani wailesi iliyonse payokha, makamaka zakale zimene zangotulutsidwa m'kabati.

Za tone ndinene mosabisa, chifukwa ogulitsa ena amanamiza nazo anthu. CTCSS ndi kamawu kotsika, pakati pa 67 ndi 254 Hz, kamene wailesi imatumiza pansi pa mawu anu kuti anzanu okha ndiwo sipika yawo itseguke. DCS imachita zomwezo ndi manambala, ndipo pa mawailesi a digito a DMR pali colour code. Zonsezi sizikupatsani tchanelo chanuchanu. Zili ngati kutseka makutu ndi thonje m'chipinda momwe wina akukuwa: simukumumva, koma mnzanu akakulankhulani mawu ake akuphimbidwabe. Pa ova-ova zimene si za digito, wamphamvu ndiye amapambana; wofookayo amazimiririka. Ndiye mukaika tone pofuna kubisa kulowerana, chimene mwachita n'chakuti mlonda akaitana thandizo pa nthawi imene enawo akulankhula, ofesi siimva kalikonse, ngakhale phokoso loti liwachenjeze. Tone ndi yabwino pamene magulu awiri agwirizana kugawana tchanelo chimodzi modziwa. Pamenepo yatsaninso busy channel lockout kuti wailesi ikane kutumiza wina akamalankhula, ndi time-out timer ya mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa wailesi yokhaliridwa pa mpando wa galimoto batani litakanikizika imatha kutseka repeater usiku wonse. DMR ili ndi ubwino weniweni wakuti tchanelo chimodzi cha 12.5 kHz chimanyamula magulu awiri nthawi imodzi, ndiye musanapemphe frequency yachiwiri ganizirani zimenezo. Dziwani chabe kuti pa digito kulowerana sikumveka ngati mawu a alendo. Mawu amangoduka kapena kusowa, ndipo anthu amayamba kunamizira mabatire.

Amene muli m'malire, nkhani yanu ili ndi mbali ina. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, kutsidya kwa msewu ndi Mozambique. Mchinji ndi Chipata n'zoyandikana, Muloza ndi Milange chimodzimodzi, ndipo Likoma yazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Chilolezo cha MACRA chimathera pamalire, koma mafunde sathera pamenepo. Kutsidyako ogawa ndi ena: INCM ku Mozambique, ZICTA ku Zambia, TCRA ku Tanzania. Kugwirizanitsa ma frequency a m'malire ndi ntchito ya mabungwe amenewa pakati pawo, ndipo a m'chigawo cha SADC amakumana m'bungwe la CRASA. Mbali yanu ndi kunena poyera pa fomu kuti malo anu ali makilomita angati kuchokera pamalire, kuloza eriyo m'kati mwa dziko, ndi kuchepetsa mphamvu. Madalaivala a mathiraki opita ku Beira kapena ku Nacala auzidwe kuti tchanelo cha kampani si choyatsa akawoloka, chifukwa kumeneko nambala yomweyo ikhoza kukhala ya chipatala kapena ya apolisi.

Nanga kulowerana kukayamba pa mawailesi amene akhala akuyenda bwino? Yambani ndi kwanu. Funsani chimene chasintha: mwaika magetsi a sola atsopano, inverter, mababu a LED, tchaja yotsika mtengo, makamera? Zinthu zimenezi zimatulutsa phokoso lambiri pa VHF. Zimitsani chimodzichimodzi wina akumvetsera. Yezani eriyo ndi kebulo ngati mwalowa madzi. Zikakhala kuti za kwanu zili bwino, bwererani ku kope: ola, tsiku, nyengo, malo amene zikumveka kwambiri, ndipo jambulani mawuwo pa foni. Nthawi zambiri olankhulawo amadzitchula okha, dzina la geti kapena la malo. Mukawadziwa, apezeni mwaulemu, mmisiri kwa mmisiri, mutanyamula chilolezo chanu. Ambiri sadziwa n'komwe kuti akuvutitsa munthu, ndipo kutsitsa mphamvu kapena kutembenuza eriyo kumathetsa nkhani tsiku lomwelo. Musakalipirane pa wailesi, musakanikize batani dala kuti muwatsekereze, ndipo musasamukire pa nambala ina imene mwaipeza ili zii, chifukwa pamenepo mwasanduka wolakwa ndinu. Zikakanika, lembani kalata ku MACRA, muphatikize kope ndi zojambula zija. Iwo ali ndi zipangizo zolondolera kumene mafunde akuchokera komanso mphamvu yolamula, zomwe inu mulibe, ndipo dandaulo lokhala ndi maola ndi malo limawafupikitsira ntchito kuposa longoti "zikusokoneza."

Sungani fayilo imodzi yokhala ndi chilolezo, manambala a GPS, nambala ya wailesi iliyonse ndi amene ali nayo, ndi zimene munatchuna, kuti mmisiri wobwera pambuyo panu asayambe kulota. Wailesi ikabedwa kapena kutayika, lembani ndipo ngati ndi ya digito itsekeni patali. Mukasamutsa repeater, kukweza mlongoti, kusintha eriyo kapena kutsegula nthambi m'boma lina, kuwerengera konse kuja kwasintha, ndiye dziwitsani MACRA ndi anzanu a pansanja musanayatse. Ndipo ntchito ikatha, monga pulojekiti ya msewu ikamalizidwa, bwezani frequencyyo ndipo mufufute m'mawailesi musanawagulitse kapena kuwapereka kwa ena.